Utsi Wakuda pa Galimoto ya Alamu

Blasius Maziko anabadwira kumadzulo kwa Balaka, kudera kumene malambe ndi ambiri kuposa zitsime. Bambo ake ankakonza njinga ndi zigayo, ndipo mwanayo anakula manja ali bii ndi girisi. Sukulu analekezera Fomu 2. Zaka zisanu ndi ziwiri anazithera m'galaja ina m'tauni ya Balaka, chagada pansi pa malole a thonje, mpaka makutu ake anaphunzira kusiyanitsa injini yanjala ndi injini yokhuta. Sanali munthu wokoma kucheza naye. Ukamufunsa kanthu ankayamba wapukuta sipanala, kenako n'kuyankha mawu atatu.

Ku Nsanama anabwera chifukwa cha mkazi, Martina. Makolo a Martina anachokera ku Mozambique kalekale, ndipo mudzi wawo umayendera kuchikazi. Nthaka ndi ya akazi, ana ndi a kwa mayi, mwamuna amabwera ndi chikwama chake n'kumanga pamene amulozera. Blasius anamulozera pafupi ndi mtengo wa msangu, m'mphepete mwa msewu wa ku Nayuchi. Anamanga nyumba ya njerwa zootcha, kutsogolo kwake n'kuimika chisakasa cha malata asanu ndi limodzi. Imeneyo ndiyo inali galaja yake. Anakhala pamenepo zaka khumi ndi zinayi, ana atatu anabadwa, koma pamudzi ankamutchulabe kuti abambo aja a ku Balaka.

Mwini mbumba anali Hilary, mlongo wake wa Martina. Anali ndi galimoto yaing'ono yoyera, yakale, imene inadutsa m'manja mwa anthu atatu isanamupeze, ndipo ankanyamulira anthu ndi matumba pakati pa Nsanama ndi Liwonde. Awiriwa sanamwerane madzi chiyambire. Malo a m'mphepete mwa msewu aja Hilary ankawafuna kuti adzamangepo golosale, koma amayi awo asanamwalire anawapereka kwa Martina. Hilary sanaiwale.

Chaka chatha mvula inaleka msanga. Pofika Epulo udzu unali utafiira kunsonga, ndipo msangu, umene umaima wopanda masamba dzinja lonse, unayamba kuphukira. Hilary anabweretsa galimoto kuti isinthidwe oyilo ndi mapulagi. Blasius anagwira ntchitoyo, ndipo monga mwa chizolowezi chake anaika mapulagi akalewo m'jumbo n'kupatsira mwiniwake m'manja. Hilary anaponya jumboyo patchire.

Mu Meyi anthu anadula chimanga n'kusanja mikukwe. Chaka chimenecho akuba anavuta kwambiri, ankabwera ndi njinga n'kukolola za eni. Hilary anapeza nzeru imene anaitama pamsika ponse. Akaweruka ankaimika galimoto m'munda, pakati pa mikukwe, n'kuisiya pomwepo mpaka m'mawa, kuti wakuba akaiona aziti mwini munda ali momwemo. Anachita zimenezo milungu itatu, ndipo chimanga chake chonse chinalowa m'matumba.

Mwera utayamba kuomba mu Juni, galimoto inayamba kudwala. Kumbuyo inkasiya utsi wakuda. Petulo amene kale ankafika ku Liwonde ndi kubwerako tsopano ankathera panjira. Ikaima kuti munthu atsike, injini inkanjenjemera n'kuzima. Kagetsi kachikasu kanayaka kutsogolo kwa chiwongolero osazimanso.

M'mawa wina Hilary anaiimika pakhomo pa chisakasa, utsi n'kukuta zovala zimene Martina anali atangoyanika.

"Alamu, tulukani mudzaone ntchito ya manja anu."

Blasius anatuluka pansi pa minibasi imene ankakonza. Ananunkhiza mpweya. Anapita kumbuyo kwa galimotoyo n'kupisa chala mu ekizozi, chalacho n'kutuluka ndi mwaye wouma.

"Ikumwa petulo wambiri kuposa mpweya," anatero. "Tsegulani boneti tione."

"Muonenso chiyani? Chatsala n'chiyani choti muzule?"

"Mukuti bwanji?"

"Ndikuti galimoto inabwera pano ikuyenda. Inachoka pano ikutsokomola."

"Inachoka pano mu Epulo. Uno ndi Juni."

"Chiphe china chimapha mochedwa."

Blasius anatambasula dzanja kuti atsegule yekha. Hilary analimenya dzanjalo.

"Manja amenewo asakhudzenso chitsulo changa. Ndikupita kwa anthu a kompyuta, osati kwa onunkhiza ngati galu wa uzimba."

Ku Balaka kunali makaniko wina dzina lake Usumani, amene anali ndi kamakina kolumikiza pansi pa chiwongolero, kowerenga madandaulo a galimoto. Kamakinako kanatchula chinthu chimodzi, sensa ya mpweya. Imeneyi ndi kabokosi kakuda, kakang'ono ngati ka machesi, komangiriridwa kuseri kwa injini. Kapaipi ka labala kamachokera m'njira imene injini imakokera mpweya n'kudzalowa m'kabokosiko. Ntchito yake ndi kumva mmene injini ikukokera, n'kuuza kompyuta ya galimoto kuti ithire petulo wochuluka bwanji. Ikanena zabodza, injini imakhuta mpaka kusanza.

Usumani anazula sensa yakaleyo n'kuikapo yatsopano. Anthu anali pamzere, choncho iye sanayang'ane kupitirira apo. Hilary atamufunsa ngati sensa imafa yokha, anayankha kuti imafa koma si kawirikawiri. Hilary anangotola mawu omalizawo.

Asanafike pa mlatho wa Shire ku Liwonde, kagetsi kanayakanso, utsi n'kubwerera.

Anafika ku Nsanama tsiku la msika. Sanapite kunyumba. Anaima poimira a kabaza, sensa yakale ili m'manja, n'kumaonetsa aliyense wodutsa. Ankati mlamu wake anazula yeniyeni imene inabwera ndi galimoto, anaigulitsa, n'kuikapo yakufa. Ankatinso anawononga ndi zina zamkati, kuti ngakhale yatsopano isagwire ntchito, iye abwerere chogwada. Anthu ankagwedeza mitu. Nkhani za amakaniko osinthitsa zitsulo aliyense anazimvapo, ndipo apa wonena anali mlamu weniweni.

Mlungu umenewo palibe galimoto inaima pa chisakasa. Mwini minibasi uja anabwera kudzatenga yake isanathe, anachita kuikoka ndi chingwe.

Lachitatu kunabwera uthenga kuchokera kwa a Goliati, atsibweni awo a Martina ndi Hilary, kuti Loweruka banja likumane, ndipo Blasius aitane nkhoswe yake ku Balaka. Blasius anadziwa tanthauzo lake. Mkamwini akamuitanira nkhoswe pa nkhani yakuba, chotsatira n'chakuti anyamule zake. Nyumba idzatsala, ana adzatsala. Iye adzakwera minibasi ndi bokosi la masipanala.

Anamupeza Martina kuseri kwa nyumba akusenda chinangwa cha makaka.

"Amake Cathy, nanunso mukuti ndinaba?"

"Ine sindinanene kanthu."

"N'chimene ndikufunsira."

Mpeni unaima.

"Mukufuna ndikaime pamsika ndizikalozana zala ndi achimwene? Inu kwanu muli nako. Ine kwathu ndi pompano, ndipo mawa ndi mkuja ndizionana nawo."

"Ndiye ndizipita?"

"Ndani wati muzipita? Zaka zonsezi mumayankhula ndi mainjini, anthu osawayankhula. Lero anthu akukuweruzani, ndipo palibe akudziwa mawu anu. Loweruka mukatsegule pakamwa."

Anapitiriza kusenda, makungwa n'kumagwera m'lichero.

Loweruka kunacha ndi chisanu. Anthu anasonkhana pabwalo la a Goliati, akazi pa mikeka atafunda zitenje mpaka kumakutu, amuna pa mabenchi. Galimoto inaimikidwa pambali ngati mboni. Nkhoswe ya Blasius, mkulu wake Tikondane, anafika atavala jekete yaikulu kumuposa. A Goliati anali munthu wofatsa, wotupa miyendo, ndipo mwezi uliwonse Hilary ndiye ankawanyamula kupita nawo kuchipatala. Aliyense pabwalopo ankadziwa zimenezo, ndipo Blasius ankazidziwa kuposa onse.

Hilary anayankhula nthawi yaitali. Anayambira pa tsiku limene Blasius anafika pamudzi.

"Munthu uyu tinamulandira alibe ndi nkhuku yomwe. Tinamupatsa malo abwino kuposa onse. Tinkati tapeza mlonda, osadziwa kuti talowetsa fisi m'khola. Ngati wabera ine, mwini mbumba, wapanjira amamutani? Atsibweni, mchemwali wanga sangakalambe ndi mbava. Uyu azipita kwawo."

Tikondane anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Akuluakulu, munthu amalakwa. Ngati pali pamene mng'ono wangayu anaphonya, ife tabwera kudzapepesa."

"Iyayi, achimwene," anatero Blasius. "Khalani pansi. Palibe chopepesa."

Anatembenukira kwa a Goliati. Mawu ankatuluka movutikira, ngati bawuti ya dzimbiri.

"Atsibweni, ine kuyankhula sinditha. Ndipatseni galimotoyi mpaka dzuwa lifike paliwombo. Aliyense aziona manja anga. Ndikalephera kukuonetsani chimene chavuta, ndinyamula zanga lero lomwe, osachita kundithamangitsa."

"Akufuna abwezeretse zomwe anabazo!" anakuwa Hilary. "Zili m'matumba mwakemo!"

Blasius anavula ovolosi n'kuiponya pamapazi a Hilary. Anatsala ndi malaya opyapyala ndi kabudula, m'chisanu chimenecho. Kumikeka ena anaseka, ena anayang'ana kumbali. M'manja anangotenga sipanala imodzi ndi mita yoyezera magetsi. A Goliati anayang'ana Hilary, anayang'ana anthu, kenako anagwedeza mutu kuvomera.

Anatsegula boneti n'kuitana onse kuti asendere. Mita anaipereka kwa a Goliati.

"Gwirani ndinu, atsibweni. Muziwerenga manambala mokweza. Ine ndikawerenga anena kuti ndikunama."

A Goliati anavala mandala awo omangidwa ndi ulusi.

"Sensa iyi ili ndi mawaya atatu," anatero Blasius. "Woyamba amabweretsa magetsi. Wachiwiri amawabweza. Wachitatu ndiye mthenga, amanyamula uthenga kupita ku kompyuta. Alamu, tembenuzani kiyi, koma musalize injini."

Hilary anatembenuza kiyi akutukwana chapansipansi. Blasius anagunditsa nsonga za mita pa waya woyamba ndi wachiwiri.

"Faifi," anatero a Goliati.

"Magetsi akufika bwino, akubwerera bwino. Tsopano mthenga uja."

"Atatu ndi theka."

"Mpomwe iyenera kukhala injini ili chete, chifukwa palibe chikukoka mpweya. Ikalira, iyamba kukoka, ndipo nambala imeneyo iyenera kutsika kwambiri. Lizani."

Injini inatsokomola n'kulira. Utsi unakuta mikeka, akazi n'kuthawa akutseka mphuno. A Goliati anayandikiza mita kumaso.

"Sinatsike. Ili pomwe paja."

"Mwamva nonse!" Hilary anatuluka m'galimoto. "Yatsopano nayonso waipha!"

"Zimitsani, musiye kiyi pomwe munaitembenuzira poyamba paja."

Blasius anazula kapaipi ka labala pa sensa, namasula mabawuti awiri, n'kuikweza sensayo mawaya ali chilumikizire. Anaika milomo yake pakamwa pa sensa pomwe pamalowa kapaipi, n'kuyamwa ngati akuyamwa mphonje ya mango.

"Ikutsika!" anatero a Goliati. "Eee, ikutsika ndithu."

Analeka kuyamwa.

"Yakweranso."

"Yatsopano ili moyo. Alamu, bweretsani yakale ija. Ili m'thumba mwanu, ndaiona."

Hilary anazengereza. Anthu anamuyang'ana mpaka anaitulutsa. Sanaipereke m'manja, anaiponya pansi. Blasius anaitola, anaipukuta pa malaya, anailumikiza n'kuyamwanso.

"Nayonso ikutsika," anatero a Goliati, mawu ali pansi.

"Imeneyi ndi imene yazungulira msika wonse kuti ndi yakufa." Blasius analavula. "Masensa onse awiri alibe mlandu. Akakokedwa amamva. Ndiye kuti kukoka kwa injini sikukufika. Kukutayika panjira."

Njira yake inali kapaipi kaja. Kumwamba kankaoneka kabwinobwino, koma kankatsikira kuseri kwa injini, pamalo opanikizika pamene diso silifika. Blasius anagonera pa galimoto n'kulowetsa mkono mpaka paphewa. Chitsulo chotentha chinamuwaula pachigongono, sanabweze. Anapapasa, anapotoza, n'kukoka. Kapaipi kanatuluka konse, ndipo pamodzi nako panagwa tizidutswa ta makoko a chimanga.

"Amake Cathy, madzi m'beseni."

Martina anabweretsa. Blasius anatseka mbali imodzi ya kapaipi ndi chala chachikulu, anakamiza m'madzi, n'kuuzira mbali inayo. Pabwalopo panalibe munthu amene sanaonepo chubu cha njinga chikuyezedwa chotero. Thovu linatuluka chapakati, lambiri, likubwata. Anakatulutsa n'kukatembenuza. Kunsi kwake kunali bowo, m'mbali mwake muli tizipsera tating'ono, tiwiritiwiri.

Analowetsanso mkono. Ulendo uno anatulutsa chisa chodzaza dzanja, cha makoko, ndevu za chimanga ndi thonje lolukanalukana, m'kati muli zitosi zakuda ngati nthanga za chitowe. Anachiika pa benchi pafupi ndi a Goliati.

Kenako kumikeka mayi wina anayankhula ngati akudziyankhulira yekha.

"Kodi si galimoto ija inkalondera mikukwe ija?"

Kuseka kunayamba kwa akazi n'kufalikira kumabenchi. Hilary nkhope inachita mdima. Anayenda mpaka pamaso pa Blasius.

"Unadziwa bwanji kuti ulowetse dzanja pamenepo? Palibe amene amaonapo. Usumani ndi kompyuta yake sanaonepo. Unaboola wekha, iwe, n'kuunjikamo zinyalala zako!"

Mawu onse amene Blasius anali nawo anali atawagwiritsa ntchito pa mawaya atatu aja. Anangoima, kapaipi kali m'manja, madzi akudontha.

Martina ndiye anayenda. Anatenga kapaipiko m'manja mwa mwamuna wake, anakayang'ana padzuwa, n'kukafikitsa pamphuno pa mlongo wake.

"Achimwene, mbewa mwakumba kuyambira muli mwana. Mano ake mukuwadziwa. Taonani apa. Abambo a Cathy ali ndi mano otere?"

"Khala pansi, iwe!"

"Ndikhala. Pansi pake ndi pa amayi anga. Chimanga munapulumutsa, tonse tinakutamani. Mbewa nazo zinapeza nyumba yofunda. Mlandu wa mbewa asenze amuna anga? Ana anga mwawatcha ana a mbava pamsika, ine ndili chete. Zakwana."

A Goliati anapempha kapaipiko. Anakatembenuza nthawi yaitali, kuposa mmene bowo limodzi limafunira. Anayang'ana miyendo yawo yotupa. Anayang'ana galimoto.

"Nkhani ya galimoto yatha," anatero. "Palibe amene akuchoka pamudzi pano. Tonse ndife amodzi. Abambo a Cathy, akonzereni alamu anuwa."

"Nanga dzina la mng'ono wanga?" anafunsa Tikondane. "Linanyozedwa pamsika. Likatsukidwa kuti?"

"Dzina si sopo, bambo, silisungunuka. Tisachulutse gaga m'diwa."

Hilary sanauzidwe kuti apepese, ndipo sanapepese.

Blasius anabwereka mpeni, anadula mbali yodyedwayo, ndipo yotsalayo inakwanira. Anabwezera kapaipi, anamangirira sensa yakale ija pamalo pake, anamasula mapulagi n'kuwapala mwaye. Injini italira, inalavula utsi pang'ono, kenako kumbuyo kunayera. Inakhazikika n'kumalira mofatsa, yosanjenjemera. A Goliati anali adakagwira mita, ndipo mosafunsidwa anati nambala yatsika kufika pa imodzi ndi theka.

Sensa yatsopano Blasius anaiika pa benchi.

"Iyi ndi yanu, alamu."

Hilary anaitola, analowa m'galimoto n'kuponda moto. Fumbi linagwera m'beseni.

Magalimoto sanabwerere msanga pa chisakasa. Bodza linayenda tsiku la msika, pamene zoona zinanenedwa pabwalo la banja. Mwezi wonse wa Julayi Blasius ankakonza njinga zamoto ndi mijigo yothirira m'madimba. Minibasi yoyamba inaima mu Ogasiti, mango atachita maluwa. Hilary sanabweze mawu ake. Poimira a kabaza ankati mbewa ndi mkamwini n'chimodzimodzi, onse amanenepa ndi za eni. Galimoto yake ikadwala ankapita nayo ku Liwonde. Akakumana panjira, wina ankayang'ana kum'mawa, wina kumadzulo.

Mu Seputembala, nandolo atauma n'kuyamba kuthetheka m'minda, Blasius anakumba dzenje kuseri kwa nyumba n'kuyamba kuumba njerwa. Anaotcha uvuni. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anazula mizati ya chisakasa n'kukumba maziko, aakulu, oloweka magalimoto awiri.

Hilary anadutsa tsiku lachitatu khoma litafika m'mawondo. Anaimika galimoto pakati pa msewu, injini ikulira, n'kutulutsa mutu pawindo.

"Chomanga ndi simenti pano mwapempha ndani?"

Blasius anapala matope pa njerwa, anaiika, anaigogoda kawiri. Kenako analoza ndi supuni yomangira kumene Martina ankabwera kuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu, madzi akumudonthera m'khosi.

"Eni nthaka."

Hilary analavulira pawindo n'kupita. Martina anatula ndowa, anathira madzi pa mchenga, n'kubwerera kukatunga ena. Pamene mvula yoyamba inagwa kumayambiriro kwa Novembala, khomalo linali litafika pa mawindo, ndipo awiriwo anathamanga kukalifunditsa ndi matumba akale a feteleza.